CHIMFINE CHOSATHA: ZIMENE TIZIROMBO TIMACHITA M'KATI MWA MPHUNO

Phunziro la zaumoyo la mwezi uno, lochokera ku Mbungo, pa chilumba cha Likoma

Mwera ukayamba kuomba m'mwezi wa May kapena June, anthu ambiri a kuno ku Mbungo ndi a m'midzi ina ya pa Likoma amagwidwa ndi chimfine. Asodzi amachezera pa nyanja m'mphepo yozizira, amayi amakhala mu utsi powamba nsomba ndi pophika, ndipo ana amapatsirana ku sukulu. Chimfine chotere chimatha chokha pa masiku 7 kapena 10. Koma alipo ena amene chimfine chawo sichitha. Mwera umaleka, mvula imagwa, chaka chimatembenuka, iwo mphuno ili chitsekere. Amadzuka mutu uli wolemera, mamina okhuthala amatsikira kukhosi, ndipo fungo la ndiwo salimvanso.

Ku chipatala matendawa amawatcha chronic sinusitis, ndipo ena mwa inu mwamva anthu akuti "masainasi". Dotolo amati munthu ali nawo ngati watha masabata 12 kapena kuposerapo mphuno ili yotseka kapena yotuluka mamina, pamodzi ndi kuwawa kwa nkhope kapena kusamva fungo. Anthu otere amataya ndalama zambiri pogula makapisozi m'magolosale. Amapezako bwino sabata imodzi, kenaka matenda amabwereranso. M'phunziro lino tifuna kulongosola chifukwa chake. Mutu wa nkhani ndi uwu: chimene chimaononga m'mphuno si kukhalamo kwa tizirombo kokha ayi, koma ululu umene timatulutsa, ndiponso ukali umene thupi limabwezera nawo.

1. Mapanga a m'mafupa a nkhope

Mafupa a nkhope yathu si ogwirana monse ngati mwala. M'kati mwake muli mapanga a mpweya, magulu anayi mbali iliyonse. Phanga lalikulu lili m'tsaya, pamwamba pa mizu ya mano, ndipo mwa munthu wamkulu mungalowe madzi okwana supuni yaikulu imodzi. Dotolo wa ku England, Nathaniel Highmore, analilongosola bwino mu 1651. Phanga lina lili pachipumi pamwamba pa nsidze. Ena ang'onoang'ono, onga zisa za njuchi, ali pakati pa maso. Ndipo lina lili m'kati kwenikweni, kuseri kwa mphuno.

Phanga lililonse lili ndi kakhomo kotulukira m'mphuno. Ka phanga la m'tsaya n'kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo chodabwitsa n'chakuti kali pamwamba, osati pansi. Taganizani za mtsuko woimirira: madzi a m'menemo sangatuluke okha kukamwa kwake popanda wowatunga. Tsono ndani amatulutsa mamina m'phanga limeneli?

2. Nembanemba ndi alonda ake atatu

M'kati mwa mphuno ndi m'mapanga onsewa mwayalidwa kakhungu kofewa ndi konyowa, kamene titcha nembanemba. Poiyang'ana ndi galasi lokuza zinthu lotchedwa maikulosikopu, timaona kuti inamangidwa ndi tizidutswa tamoyo tambirimbiri totchedwa maselo, tondandalikana ngati njerwa. Nembanembayi ili ndi alonda atatu.

Mlonda woyamba ndiye mamina. Ambiri a ife timayesa mamina uve chabe, koma munthu wabwinobwino amapanga mamina pafupifupi lita imodzi tsiku lililonse, ndipo amawameza osadziwa. Mamina amakola fumbi ndi tizirombo monga ulimbo umakolera mbalame. Mulinso mankhwala m'menemo. Mu 1922 Alexander Fleming wa ku London, yemwe uja anadzatulukira penicillin mu 1928, analengeza kuti m'mamina muli chinthu chosungunula tizirombo tina, nachitcha lysozyme. Anachipeza poyesa mamina ake omwe pamene anali ndi chimfine.

Mlonda wachiwiri ndiye tiubweya tosaoneka ndi maso. Sitikunena ubweya uja umaoneka pakhomo pa mphuno ayi. Iti timamera pamwamba pa maselo, ndipo selo limodzi likhoza kukhala nato kufika 200. Timakupiza koposa ka 10 pa sekondi imodzi, tonse kuloza mbali imodzi, monga anyamata opalasa bwato amene nkhafi zawo zimalowa m'madzi pamodzi. Ndito timakweza mamina kufika pa kakhomo kaja, ndi kuwakankhira kumbuyo kwa mphuno. Fumbi lokodwa m'mphuno limafika kukhosi pa mphindi 10 kapena 20. Pamenepo timalimeza, ndipo asidi wa m'mimba amapha tizirombo tambiri tili m'menemo.

Mlonda wachitatu ndiye kumatana kwa maselo. Mmisiri wokhoma boti amamata mipata yonse ya pakati pa matabwa kuti madzi asalowe. Chimodzimodzinso selo lililonse limamatana ndi linzake kolimba, kuti zonse za m'mamina zikhale pamwamba, zisalowe m'mnofu wa pansi pake.

3. Tizirombo tokhala m'mphuno

Chimfine wamba chimayamba ndi tizirombo totchedwa mavairasi, ndipo mankhwala aja a maantibayotiki sapha mavairasi. Koma tilipo tizirombo ta mtundu wina, totchedwa mabakiteriya, timene timakhala m'mphuno mwa anthu ngakhale asakudwala.

Kotchuka mwa timeneti ndi Staphylococcus aureus, kamene kamayambitsanso zithupsa. Dotolo wa ku Aberdeen ku Scotland, Alexander Ogston, anakaona m'mafinya mu 1880, kataunjikana ngati tsango la mphesa. Mwa anthu atatu alionse abwinobwino, pafupifupi mmodzi ali nako m'mphuno. Kena ndi Streptococcus pneumoniae, kachirombo ka chibayo. Akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anapeza kuti ana aang'ono ambiri a m'dziko lathu amakanyamula kuseri kwa mphuno ali kusewera bwinobwino. Palinso Haemophilus influenzae, ndi Pseudomonas aeruginosa kamene kamakonda malo onyowa.

Chotero kupezeka kwa kachirombo m'mphuno si matenda ayi. Pamene alonda atatu aja ali maso, tizirombo timakokoloka tisanachuluke. Vuto limayamba chimfine, utsi kapena fumbi zikatupitsa nembanemba, kakhomo ka phanga ndi kutsekeka. Mamina amaima ngati madzi a m'chithaphwi, tizirombo timaswana, ndipo timayamba kutulutsa ululu wake wochuluka.

4. Ntchito zinayi za ululu

Yoyamba: kufooketsa opalasa. Pseudomonas amatulutsa madzi obiriwira otchedwa pyocyanin. Mu 1987 Robert Wilson ndi anzake ku London anathira madzi amenewa pa maselo otengedwa m'mphuno mwa anthu, naona tiubweya tilikuchepetsa liwiro mpaka kuima. Mu 1990 Charles Feldman, dotolo wa ku Johannesburg, pamodzi ndi anzake anaonetsa kuti ululu wa kachirombo ka chibayo, wotchedwa pneumolysin, umachitanso zomwezo. Opalasa akalefuka, bwato limaima. Mamina amatsalira m'phanga pamodzi ndi tizirombo take.

Yachiwiri: kuboola ndi kumatula. Staphylococcus amatulutsa ululu wina umene umaboola timabowo pa khungu la selo, za m'kati ndi kutayika, selo ndi kufa. Amatulutsanso zinthu zodya zomatira za pakati pa maselo. Mu 2015 akatswiri a ku University of Adelaide ku Australia anamereza maselo a m'mphuno mwa anthu m'timbale, nathirapo madzi amene munakhala Staphylococcus, tizirombo tokhato atatichotsamo. Maselo anamatuka, ndipo zinthu zinayamba kudutsa pakati pawo. Taonani: kachirombo panalibe, koma zotulutsa zake zokha zinakwanira kuononga. Nembanemba yotere ili ngati boti lothonya. Utsi, fumbi, nkhungu za m'nyumba ndi tizirombo tina zimafika pa mnofu umene kale sizinkaukhudza.

Yachitatu: kuputa asilikali a m'thupi. M'magazi mwathu muli maselo oyera, amene ambiri timawatcha asilikali a m'thupi. Mwa chizolowezi, mdani akalowa amadzuka asilikali owerengeka okha amene amamdziwa, mwina mmodzi mwa 10,000. Koma Staphylococcus ali ndi ululu wina wotchedwa superantigen umene ukhoza kudzutsa kufika mmodzi mwa asanu alionse a gulu lina la asilikaliwa nthawi imodzi. Zili ngati munthu woimba mfuu usiku, mudzi wonse ndi kutuluka ndi zibonga mu mdima, kupondereza mbewu ndi kugwetsa mipanda yawo yomwe, wakuba osagwidwa. Nembanemba imatupa, imadzala madzi, ndipo mwa anthu ena imalendewera ndi kusanduka tinyama totuwa tofewa, totchedwa nasal polyps, timene timatseka njira ya mpweya. Mu 2001 Claus Bachert ndi anzake ku Ghent, m'dziko la Belgium, anapeza m'tinyama timeneti zizindikiro zakuti thupi linali kulimbana ndi ululu wa Staphylococcus. Kawirikawiri anthu a tinyamati amakhalanso ndi mphumu.

Yachinayi: kumanga ndere. Aliyense wa pa chilumba pano adziwa ndere zoterera za pa miyala ya m'nyanja ndi kunsi kwa boti. Mabakiteriya nawonso amatulutsa zonanda zimene amadzikuta nazo, namatirira pa nembanemba. Akatswiri amazitcha biofilm. Tizirombo tokhala m'menemo timabisala kwa asilikali a m'thupi, ndipo kuti tife pamafunika mankhwala ochuluka koposa, nthawi zina kuwirikiza kufika ka 1,000, kuyerekeza ndi tizirombo toyandama patokha. Ichi ndicho chifukwa chake makapisozi amathandiza masiku owerengeka okha: amapha toyandama, koma ta m'ndere timatsala, ndipo mankhwala akatha timabalalikanso.

5. Chifukwa chake matendawa amakhalitsa

Tsono onani m'mene zinthuzi zimagwirizanirana. Kutupa kumatseka kakhomo, mamina amaima, tizirombo timaswana ndi kutulutsa ululu, ululu umafooketsa tiubweya ndi kumatula maselo, asilikali amakalipa, kutupa kumaonjezeka, kakhomo kamatsekeka koposa kale. Pakapita miyezi, malo ena a nembanemba amatha tiubweya, ndipo maselo opanga mamina amachuluka, mamina ndi kukhala okhuthala ovuta kukankha. Chifukwa cha ichi madotolo amati muzu wa matendawa ndiwo kutupa kosatha, ndipo tizirombo ndito timasonkhezera moto.

Zilipo zinthu zina zothandizira: utsi wa nkhuni ndi wa fodya, umene umalefula tiubweya, fodya wa m'mphuno, thupi lodana ndi fumbi kapena mungu wa maluwa, kuchepa kwa chitetezo cha m'thupi, monga mwa munthu wa HIV amene sakumwa mankhwala ake, ndiponso dzino lakumwamba lobooka, pakuti mizu yake ili pafupi ndi phanga la m'tsaya.

Malo omvera fungo ali pamwamba penipeni m'kati mwa mphuno. Kutupa kukafika pamenepo, munthu amaleka kumva fungo. Ena amayesa ichi chinthu chaching'ono, koma taganizani za mayi wosamva kuti nsomba zayamba kuola kapena kuti nsalu ya mwana yagwira moto, ndi msodzi wosamva petulo wodontha m'boti muli nyali. Nazonso zakudya sizikoma, tulo sitibwera bwino, ndipo mwana wa sukulu amaodzera m'kalasi.

Koma pali mawu otonthoza. Nembanemba ndi chinthu chamoyo. Kutupa kukachepa ndi ululu ukamachotsedwa, maselo atsopano amamera, ndipo tiubweya timabwereranso pang'onopang'ono.

6. Zoyenera kuchita

Choyamba, tsukani m'mphuno ndi madzi a mchere. Ndere sizichoka pa mwala pozithira mankhwala kamodzi. Zimafuna kutsuka kawirikawiri. Madzi a mchere amafewetsa mamina, amakokolola ululu, ndipo amapeputsa ntchito ya tiubweya. Kapangidwe kake ndi aka:

(a) Wiritsani madzi kwa mphindi 5, ndi kuyeza theka la lita, ndiwo a botolo la 500 ml.
(b) Thiranimo mchere woyera wokwana kasupuni ka tiyi kamodzi kosasefukira. Ngati muli ndi soda wophikira, onjezani theka la kasupuni.
(c) Dikirani mpaka akhale ofunda pang'ono, osatentha.
(d) Sambani m'manja ndi sopo, weramirani pa beseni, ndi kupuma ndi pakamwa. Thirani madziwo m'mphuno imodzi ndi sirinji yoyera yopanda singano, kapena akokeni pang'onopang'ono kuchokera m'dzanja lanu. Alekeni atuluke, ndipo minani mofatsa. Chitani chimodzimodzi mbali inayo.
(e) Chitani m'mawa ndi madzulo. Pangani madzi atsopano tsiku lililonse, ndipo sirinji yanu musabwereke wina.

Musathire m'mphuno madzi a m'nyanja kapena a pa chitsime osawiritsa, ngakhale aoneke oyera chotani, pakuti mukhoza kulowetsa tizirombo toopsa koposa timene mulikuchotsa.

Chachiwiri, pitani ku chipatala mukapimidwe. Alipo mankhwala opopera m'mphuno ochepetsa kutupa, monga beclomethasone. Amafuna kupopera tsiku ndi tsiku, mutayamba mwatsuka, ndipo mphamvu yake imaoneka patapita masabata angapo. Ambiri amaleka pa tsiku lachinayi, nati mankhwala ndi achabe. Kumbukirani kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, chenjerani ndi mankhwala odontheza aja otsegula mphuno nthawi yomweyo. Musapitirire nawo masiku 5, chifukwa pambuyo pake mphuno imatseka koposa kale, ndipo munthu amasanduka kapolo wa botolo.

Chachinayi, musagule maantibayotiki mwa inu nokha. Mamina obiriwira si umboni wakuti pakufunika makapisozi, pakuti mtundu umenewo kawirikawiri umachokera kwa asilikali a m'thupi. Ilipo nthawi yake ya maantibayotiki, monga pamene matenda akula mwadzidzidzi ndi kutentha thupi, koma woweruza ndi wa chipatala. Kumwa mankhwalawa mwachisawawa kumazoloweretsa tizirombo, ndipo tsiku limene mwana wanu adzadwala chibayo akhoza kudzalephera kumthandiza.

Chachisanu, chepetsani utsi. Phikirani panja kapena m'khitchini ya mawindo, ndi nkhuni zouma. Mbaula zosunga nkhuni, monga Chitetezo Mbaula, zimachepetsako utsi. Powamba nsomba imani kumene mphepo ichokera, ndipo mwana wa kumsana akhale kutali. Lekani fodya wosuta ndi wa m'mphuno.

Chachisanu ndi chimodzi, ana alandire katemera yense. Dziko lathu linayamba kupereka katemera wa Haemophilus influenzae wa mtundu b mu 2002, ndi wa kachirombo ka chibayo mu 2011. Akatemerawa sachiza chimfine chosatha cha akulu, koma amateteza ana ku chibayo ndi ku matenda oumitsa khosi, amene amayamba ndi tizirombo tochokera m'mphuno momwemo.

7. Zizindikiro zosayenera kudikira

Pakati pa mapanga ndi diso pali fupa lopyapyala ngati pepala, ndipo ubongo ulinso pafupi. Fulumirani ku chipatala tsiku lomwelo mukaona chimodzi mwa izi:

(a) chikope kapena mozungulira diso mwatupa ndi kufiira, makamaka mwa mwana;
(b) diso latong'oka, munthu akuona zinthu ziwiriziwiri, kapena sakuona bwino;
(c) mutu ukuwawa koopsa pamodzi ndi kutentha thupi, kusanza, kuuma khosi kapena kusokonezeka;
(d) pachipumi patupa.

Kapimitseninso msanga ngati mphuno yotseka ndi imodzi yokha ndipo ikutuluka magazi, chifukwa kukhoza kukhala chotupa cha mtundu wina. Mwana wotuluka mamina onunkha mbali imodzi kawirikawiri amakhala atalowetsa nyemba, mkanda kapena kamwala. Musakolowole ndi kamtengo. Enanu mumachita manyazi ndi fungo la m'mphuno, ndi kumabisala m'nyumba. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera ku una.

Pa chilumba pano poyambira ndi ku chipatala cha St Peter's. Matenda akafuna thandizo loposa, a chipatala amatumiza wodwala kumtunda kudzera ku Nkhata Bay mpaka ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli chigawo cha makutu, mphuno ndi mmero, chimene Dr Wakisa Mulwafu anayamba kuchikhazikitsa mu 2007. Tinyama tikakula, dotolo akhoza kutichotsa ndi kukulitsa timakomo ta mapanga. Komabe kutsuka ndi kupopera kumapitirira, apo ayi timameranso. Ife a pa chilumba tikumbukire kuti sitima siibwera tsiku lililonse, ndipo mwera ukakula maboti sayenda. Wofika msanga ku St Peter's amapatsa a chipatala nthawi yokonza ulendo.

Kwa aphunzitsi

Tumani ana akatole miyala iwiri ya ndere m'mphepete mwa nyanja. Pa umodzi athirepo madzi kamodzi kokha. Winawo autsuke m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, yonse iwiri ili m'madzi. Pambuyo pake afunseni mafunso awa:

1. Tchulani alonda atatu a nembanemba ya m'mphuno, ndi ntchito ya aliyense.
2. Chimfine chimatchedwa chosatha chikatha masabata angati?
3. Longosolani njira ziwiri zimene ululu wa mabakiteriya umaonongera nembanemba.
4. Chifukwa ninji makapisozi amathandiza masiku owerengeka okha?
5. Chifukwa ninji madzi otsukira m'mphuno ayenera kuwiritsidwa?
6. Kodi mungachite chiyani mng'ono wanu wa chimfine atadzuka diso litatupa?

Inu odziwa kuwerenga, werengerani anzanu phunziroli pa bwalo, pa gombe ndi pa misonkhano ya amayi. Ngati m'mudzi mwanu muli munthu amene mphuno yake yatseka miyezi itatu, muuzeni ayambe kutsuka ndi madzi a mchere lero lomwe, ndipo mumperekeze ku chipatala sabata ino isanathe.